Lipoti: mayi amene makilo anabwerera patatha zaka 5 chipangireni opaleshoni ya sleeve, ndi zomwe tinapeza mu gene ya MC4R

Ndimagwira ntchito ngati dietitian, katswiri wa za kadyedwe, kuno ku England, mu timu ya chipatala china cha boma (NHS) yomwe imaona anthu onenepa kwambiri, ena akudikira opaleshoni yochepetsa thupi ena anapangidwa kale. Nkhani iyi ndi ya mayi amene ndakhala ndikuwaona kuyambira 2016. Ndiziwatchula Mayi T basi, dzina si lawo ndipo zina zomwe zikanawazindikiritsa ndachotsa, eni ake anavomera kuti ndilembe. Ndalemba chifukwa pali pomwe ine ndinaphonya pa mayi amenewa ndipo zinanditengera zaka kuti ndione.

Mmene analili pobwera

Mu 2016 anali ndi zaka 34, makilo 148, kutalika 1.66 m, nde BMI, muyeso wofananiza kulemera ndi kutalika, inali pafupifupi 54. Anali ndi shuga wa type 2 akumwa metformin, HbA1c (muyeso wa shuga m'magazi) 58, usiku ankagona ndi makina a CPAP chifukwa mpweya unkabanika ali mtulo, maondo ankawawa moti masitepe a kunyumba kwawo ankakwera akupumira pakati. BP yokha ndi imene inali bwinobwino, 118/74, tonse tinangoti mwayi umenewo n'kupitirira. Pa mbiri ya thupi lawo mu fayilo munali mzere umodzi wokha, woti akhala onenepa kuyambira ali mwana. Palibe amene anafunsa kuti mwana wa zaka zingati, ine ndemwe sindinafunse.

Anapangidwa sleeve gastrectomy. Kwa amene simuidziwa, dokotala amadula n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu, chotsala chimakhala chowonda ngati nthochi, ndipo mbali yochotsedwayo ndi imenenso imatulutsa ghrelin wambiri, hormone yomwe imadzutsa njala. Nde munthu amadya pang'ono komanso miyezi yoyambayo njala samaimva kwenikweni. Opaleshoni inayenda bwino, anatuluka patatha masiku awiri.

Chomwe chinapangitsa nkhaniyi kukhala yapadera ndi amuna awo. Bambo T nawonso anali odwala athu, makilo 152, kutalika 1.80 m, BP yokwera akumwa mitundu iwiri ya mapilitsi, ndipo anapangidwa sleeve ndi dokotala yemweyo patangodutsa miyezi inayi. Nyumba imodzi, filiji imodzi, zophika za m'poto umodzi ndipo wophika anali mayiwo.

Zaka ziwiri zoyamba

Mayi T anatsika mpaka makilo 112 pa mwezi wa 14, kutanthauza kuti anataya makilo 36, pafupifupi 24 peresenti ya thupi lawo. Metformin tinasiyitsa, HbA1c inafika 39, CPAP inabwezedwa. Bambo T anatsika mpaka 104, pafupifupi 32 peresenti, n'kukhazikika cha pompo.

Pofika 2018 sikelo ya mayi inali ikuwerenga 118. Tsiku limenelo ndimalikumbukira bwino, asanakwere pa sikelo anavula nsapato, juzi, wotchi ngakhalenso ndolo anaika pa tebulo, ndiye atatsika sanayang'ane nambala anangoyang'ana nkhope yanga. Anali ndi kabuku komwe ankalembamo chilichonse chodya ndi nthawi yake, 7 koloko dzira limodzi ndi theka la tosti, hafu 9 yogati, 11 koloko tchizi pang'ono, mpaka 2 koloko ya usiku mkaka kapu imodzi, pambali atalemba kuti sindinathe kugona.

Anandiuza kuti, "Njala ija yabwerera. Ndikudya pang'ono inde, mbale yanga ndi ya mwana, koma pakatha ola limodzi m'mimba mumakhala ngati simunalowe kanthu."

Ine ndinawayankha zomwe timayankha aliyense, onjezani zakudya za protein, musamwe madzi pamodzi ndi chakudya, siyani zotolatola pakati pa zakudya, phunzirani kusiyanitsa njala ya m'mimba ndi njala ya m'maganizo. Malangizowo paokha si olakwika. Koma mumtima ndinali nditagamula kale mlandu, ndinkaona amuna awo atakhala pa mpando wapambali thupi litaphwa bwinobwino nde ndinkati opaleshoni ndi yomweyo, dokotala yemweyo, khitchini yomweyo, chosiyana ndi khama basi. Mu fayilo ndinalemba kuti wodwala sakutsatira malangizo mokwanira. Mu NHS timu ya opaleshoni imakutsatira zaka zosachepera ziwiri kenako umabwezedwa kwa GP, dokotala wa kudera kwanu, kuti azikuyeza magazi chaka ndi chaka, ndiye onse awiri tinawatulutsa, mawu angawo anapita nawo mu kalata.

Kubweranso mu 2021

GP anawatumizanso kumapeto kwa 2021, zinachedwa chifukwa cha Covid, makiliniki ambiri anali ataima. Anali pa makilo 137. Ndiye pa makilo 36 aja 25 anali atabwerera, chotsala chinali 7 peresenti yokha. HbA1c 49 kenako 51 titabwereza, shuga wabwerera, kubanika usiku kwabwerera, kuphatikiza kutentha pamtima kwa asidi komwe kunalibe kale. Bambo T anali pa 110.

Kubwerera kwa makilo ena pakokha si zachilendo. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden wotchedwa SOS, yemwe Lars Sjöström ndi anzake anayamba mu 1987, anaonetsa kuti anthu a bypass (opaleshoni ina yomwe chakudya chimalambalala mbali yaikulu ya chifu n'kupita ku matumbo) ankataya pafupifupi 32 peresenti m'zaka ziwiri zoyamba ndipo pofika zaka 10 inali cha m'ma 25. Kukwera pang'ono timakuyembekezera. Koma kuchoka pa 24 kufika pa 7 m'zaka pafupifupi zinayi ndi nkhani ina.

Tinayamba ndi zodziwika. Endoscopy (kuona m'mimba ndi kamera) ndi X-ray yomeza barium zinaonetsa kuti sleeve yatanuka pang'ono chabe monga zimakhalira, osati moti n'kufotokozera makilo 25, koma kummero kunali kutatupa ndi asidi. Ma hormone a thyroid bwinobwino, hormone ya cortisol bwinobwino. Mankhwala omwe ankamwa tinawaunika onse, munalibe ma steroid kapena mankhwala a matenda a maganizo amene amanenepetsa. Mowa sankamwa. Psychologist wathu, katswiri wa za maganizo, anacheza nawo kawiri ndipo anati sakuona khalidwe lodya mosadziletsa kamodzin'kamodzi, akuona munthu wanjala tsiku lonse amene watopa ndi kulimbana nayo, komanso wamanyazi kwambiri moti anasiya kudya pamaso pa ana ake.

Funso lomwe linatsegula nkhani anafunsa ndi dokotala wathu wa za ma hormone, ine ndili pompo. Anangoti, "Mayi, njala imeneyi munayamba kuimva muli ndi zaka zingati?"

Anakhala kaye chete, kenako anati sakumbukira nthawi yomwe analibe njala kupatula chaka chimodzi chija chitangotha opaleshoni. Anati chaka chimenecho anadabwa kuti kani anthu ena amakhala chonchi, kuiwala nkhomaliro chifukwa chotanganidwa.

Sabata yotsatira anabwera ndi mayi awo owabereka, agogo a zaka za m'ma 60, nawonso athupi, atanyamula envulopu ya zithunzi. Chithunzi china mwana wa zaka 3 ali pa phwando la kubadwa atavala diresi yomwe agogowo anati inali ya mwana wa zaka 6. China cha ku sukulu, ali mzere wakumbuyo pamodzi ndi anyamata chifukwa anali wamtali kuposa atsikana onse. Agogo anafotokoza kuti ali khanda ankamaliza botolo n'kulira lina, atayamba kuyenda ankakwera mpando kufuna buledi, mpaka anaika loko pa kabati. Mlongo wawo wa Mayi T, wamwamuna, naye ndi wamkulu thupi kuyambira umwana pomwe mng'ono wawo wamkazi ndi wochepa thupi, onse analeredwa nyumba imodzi. Ndili kuyang'ana zithunzizo ndinakumbuka makadi a sikelo a kwathu aja, mwana atapachikidwa pa sikelo pansi pa mtengo, nesi akulemba kadontho mwezi ndi mwezi. Ife timayang'ana mzere ukatsika, ukakwera kudutsa pamwamba timaombera m'manja kuti mwana akudya bwino.

Kuyeza ndi zotsatira

Ku England NHS ili ndi mayeso a ma gene (tizidutswa ta chibadwa tomwe timatengera kwa makolo) a anthu amene kunenepa kwambiri kunayamba asanakwane zaka 5, nambala yake ndi R149. Tinatenga magazi mayi atavomera, zotsatira zinatenga miyezi ingapo. Zinaonetsa kuti pa makope awiri a gene ya MC4R imodzi ili ndi vuto lodziwika lomwe limaipangitsa kusagwira ntchito.

Ndifotokoze mmene ndimafotokozera odwala. Mafuta a m'thupi amatulutsa hormone yotchedwa leptin, yomwe Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira ku New York mu 1994. Leptin imapita ku ubongo, malo otchedwa hypothalamus, kukanena kuti nkhokwe ili ndi chakudya. Kumeneko ma cell ena a POMC amatulutsa kamthenga kena komwe kamakagwira pa MC4R, ndipo MC4R ndi amene amati basi wakhuta siya. Nde MC4R ili ngati buleki ya njala. Aliyense ali ndi ziwiri, ina yochokera kwa mayi ina kwa bambo, ngati mabuleki a njinga wakutsogolo ndi wakumbuyo. Mayi T anabadwa waya wa buleki imodzi ali wodukiratu. Pamalo athyathyathya njinga yotero imayenda ndithu, koma ikafika potsetsereka itanyamula katundu mwini wake amachita kukwekwesa mapazi pansi, ndipo akuchita zimenezo tsiku lililonse moyo wake wonse anthu akumuuza kuti sadziwa kupalasa.

Vuto la MC4R mwa anthu linalembedwa koyamba mu 1998 ndi magulu awiri, la ku Cambridge komwe kunali Giles Yeo, Sadaf Farooqi ndi Stephen O'Rahilly, ndi lina la ku France. Mu 2003 gulu la Farooqi linayeza anthu 500 omwe kunenepa kwambiri kunawayamba ali ana ndipo 29 anapezeka nalo, pafupifupi 6 peresenti. Iwowa ndi amene anafotokozanso kuti ana otere amakhala anjala kwambiri komanso amakula msinkhu mofulumira, chithunzi cha mzere wakumbuyo chija. Mu 2009 gulu lomwelo linaonetsa kuti anthu a vuto la MC4R BP yawo imakhala yotsikirapo poyerekeza ndi anthu ena onenepa mofanana nawo. 118/74 ija inali ikutiuza kanthu kuyambira tsiku loyamba. Ndipo si vuto losowa monga tinkaganizira, kafukufuku wa ana obadwira ku Bristol yemwe anatuluka mu 2021 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 340 ali nalo, ndipo pofika zaka 18 amakhala olemera ndi makilo pafupifupi 18 kuposa anzawo.

Tsiku lowauza zotsatira mayi sanalire monga ndinkayembekezera. Anafunsa kuti, "Ndiye kuti sindinali kunama?" Dokotala anati ayi simunali kunama. Ine ndinapepesa pa zomwe ndinalemba mu 2018, ndinawauza mawu ake enieni chifukwa anali atawawerenga kale mu kalata ya kwa GP, ndipo anati inde ndinawaona, ndi chifukwa chake ndinatenga zaka zitatu ndisanapemphe kubweranso. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka pano.

Zomwe ma gene amachita pambuyo pa opaleshoni

Zoti kukula kwa thupi kumayenda m'magazi zinadziwika kale. Albert Stunkard mu 1986 anaona anthu a ku Denmark omwe analeredwa ndi makolo osawabereka, matupi awo ankafanana ndi makolo owabereka osati owalera. Mu 1990 Claude Bouchard ku Quebec anatenga mapasa ofanana mapeya 12 n'kumawadyetsa ma calorie 1000 owonjezera pa tsiku, masiku 6 pa sabata, kwa masiku 100. Wina ananenepa makilo 4 okha wina mpaka 13 chakudya chowonjezera chili chofanana, ndipo mapasa awiri a peya imodzi ankayenda pafupifupi limodzi.

Pa opaleshoni penipeni, kafukufuku amene anandigwira mtima ndi wa Ida Hatoum ndi Lee Kaplan ku Boston wa 2011, chifukwa ali ngati analemba za banja la a T. Anaona anthu amene anapangidwa bypass awiriawiri. Apachibale chenicheni, monga kholo ndi mwana kapena obadwa mimba imodzi, ankataya thupi mofanana kwambiri. Koma ongokhala nyumba imodzi opanda ubale wamagazi, monga mwamuna ndi mkazi wake, sankafanana kuposa anthu awiri osadziwana. Mapeya anali ochepa inde koma uthenga wake ndi womveka, kudyera mbale imodzi sikupangitsa kuti matupi ayankhe opaleshoni mofanana. Ine ndinkayeza mayi ndi muyeso wa amuna awo, munthu woyenera kuwafanizira naye anali mlongo wawo.

Pa MC4R yeniyeniyo nkhani ili ndi mbali ziwiri ndipo zonse ziyenera kunenedwa. Gulu la Hatoum lomwelo mu 2012 linapeza kuti anthu omwe ali ndi kope imodzi yabwino amataya thupi bwinobwino ndi bypass, pomwe mbewa zopanda MC4R ngakhale imodzi sizinkataya mokwanira. Ndiye kwa zaka zingapo tinkangoti kope imodzi ndi yokwana, palibe chodetsa nkhawa. Kenako ku Netherlands mu 2020 anayeza odwala 1014 a opaleshoni, pafupifupi 3 peresenti anali ndi kunenepa kochokera ku gene imodzi, ndipo a MC4R omwe anapangidwa sleeve anataya thupi locheperapo pomwe a bypass anali chimodzimodzi ndi anzawo. Ndiye kunabwera lipoti la ku Mayo Clinic la 2022, gulu la Andres Acosta, lomwe linatsatira anthu mpaka zaka 15 chipangireni bypass, 50 okhala ndi kusintha kwa kope imodzi mu ma gene a njira ya leptin ndi MC4R imeneyi, ndi 100 opanda. Pa zaka 15 oyambawo anali atatsala ndi pafupifupi 17 peresenti yotayidwa, enawo pafupifupi 29.

Mmene ine ndimaonera, opaleshoni imagwira ndithu mwa anthu amenewa ndipo chaka choyamba simungawasiyanitse kwenikweni ndi ena, kusiyana kumadzaoneka mtsogolo. Thupi likataya mafuta leptin imatsika, ubongo umamva ngati kwagwa chilala nde umakweza njala n'kuchepetsa mphamvu zomwe thupi limawononga, zimenezi zimachitikira aliyense. Wa mabuleki awiri amalimba nazo mothandizidwa ndi opaleshoni. Wa buleki imodzi zimamukokolola pang'onopang'ono, ndipo zimayamba kuoneka cha pa zaka ziwiri, nthawi yomweyo imene ife timatulutsa munthu m'kiliniki. Ichi ndi chimene chimandidandaulitsa kwambiri pa kayendetsedwe ka ntchito yathu.

Pasakhale wina woganiza kuti aliyense amene makilo abwerera ali ndi MC4R, ayi. Ambiri alibe gene imodzi yoti n'kuiloza chala. Ambirife tinatengera tizidutswa tambirimbiri kumtundu, kalikonse kongowonjezera pang'ono. Gene ya FTO yomwe inatchuka mu 2007, olo utatengera mbali zonse ziwiri imangowonjezera makilo pafupifupi 3. Mu 2019 Amit Khera ndi anzake anaphatikiza tizidutswa toposa 2 miliyoni ndipo anapeza kuti anthu a pamwamba penipeni pa muyeso wawo ankalemera makilo 13 kuposa a pansi penipeni, koma zimenezo ndi za gulu, m'kiliniki sitigwiritsa ntchito muyeso wotero posankhira munthu opaleshoni. Timayeso ta malovu togula pa intaneti tija sindilimbikitsa. Ndipo mowa, zakumwa zotsekemera, mankhwala ena, kuvutika maganizo, ntchito za usiku, umphawi, zonsezi zimabwezeretsa makilo popanda gene iliyonse yapadera, ndi chifukwa chake tinayamba kufufuza zimenezo kaye.

Chithandizo

Tinakhala pansi timu yonse. Setmelanotide, mankhwala amene amagwira pa MC4R penipenipo ndipo anavomerezedwa ku America mu 2020, mayi anali atawerenga kale za iwo pa foni, koma anali a anthu omwe makope onse awiri a gene ya POMC, PCSK1 kapena LEPR ndi owonongeka, kenako anawonjezera a matenda achibadwa otchedwa Bardet-Biedl, Mayi T sali m'gulu limenelo. Chomwe chinatilimbitsa mtima ndi kafukufuku wa ku Copenhagen wa 2018, anthu 14 a vuto la MC4R ndi 28 opanda anabayidwa liraglutide, mankhwala ochepetsa njala a gulu la GLP-1, kwa masabata 16 ndipo magulu onse anataya pafupifupi 6 peresenti, kusonyeza kuti mankhwala a GLP-1 ali ndi njira ina yofikira ku ubongo yosadalira buleki yodukayo. Poti shuga anali atabwerera, kumapeto kwa 2022 anayamba jakisoni wa semaglutide, wa gulu lomwelo la GLP-1, kamodzi pa sabata, kuyambira mlingo wochepa.

Mbali yanga ndinasintha kalankhulidwe konse. Ndinasiya zowauza kuti njala yawo ndi ya m'maganizo. Tinagwirizana kuti njala ibwera ndithu nde tiikonzekere, zakudya zing'onozing'ono zisanu pa nthawi zoikika m'malo moletsa zapakati, chilichonse chiyambe ndi protein, masamba ndi nyemba zambiri kuti m'mimba muzikhala kanthu nthawi yaitali, ndipo cha usiku chija tinachiika mu pulani m'malo mochitenga ngati tchimo, yogati ili kale mu filiji pa shelefu yake. Mavitamini, ayironi, calcium ndi jakisoni wa B12 wa miyezi itatu iliyonse zomwe anali atazitayirira tinayambiranso.

M'miyezi 7 anatsika kuchoka 137 kufika 126, HbA1c 43. Ananena kuti phokoso la chakudya m'mutu latsika ngati wina wachepetsa wailesi. Kenako pakati pa 2023 mankhwala a GLP-1 anasowa m'dziko lonse la UK, anayenda mafamase angapo osapeza, anakhala miyezi itatu osabaya ndipo makilo 5 anabwerera msangamsanga. Chaka chomwecho kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa BARI-OPTIMISE wa ku London, odwala 70 omwe opaleshoni sinawachotsere thupi lokwanira, a liraglutide anataya pafupifupi 9 peresenti m'masabata 24 pomwe a jakisoni wopanda mankhwala sanafike olo 1 peresenti. Umboni unalipo, mankhwala ndi amene kunalibe.

Asidi uja sanasiye olo ndi mapilitsi a mlingo waukulu, nde panali zifukwa ziwiri zosinthira sleeve kukhala Roux-en-Y bypass, kummero komanso thupi. Dokotala wa opaleshoni anawauza mosabisa kuti opaleshoni yachiwiri ili ndi chiopsezo chokulirapo kuposa yoyamba, kuti gene siisintha, ndiponso kuti makilo ena adzayesa kubwereranso. Anavomera akudziwa zonsezo. Anapangidwa kumayambiriro kwa 2024 ali pa 131. Kunali vuto limodzi, pa sabata ya 6 polumikizira panapanikizika moti chakudya chinkabwerera, anakatanula ndi endoscopy kamodzi zinatheka. Patatha miyezi 14 anali pa makilo 106, kutanthauza 28 peresenti kuchokera pa 148 ya poyamba paja, HbA1c 38 popanda mankhwala, asidi anatha, CPAP sakugwiritsanso ntchito.

Sindikuwerengera kuti nkhani yatha, 112 ija nayonso tinaisangalalira. Chomwe tasintha ndi ichi, sititulutsa mayiwa pa zaka ziwiri, tinalemba mu fayilo chifukwa chake ndipo zinavomerezedwa. Amadziyeza kunyumba kamodzi pa sabata, ndipo tinagwirizana kuti makilo akakwera ndi 5 kuchoka pa otsikitsitsa, kapena njala ya usiku ikayambiranso olo sikelo isanasunthe, ayimbe foni tiyambe jakisoni pompo osadikira kuti afike 130.

Banja ndi zomwe ndasintha

Mlangizi wa za ma gene anawafotokozera kuti mwana aliyense wobadwa kwa iwo ali ndi mwayi wa theka wotengera kope yodukayo, komanso kuti si onse otengera amene amanenepa mofanana. Agogo anayezetsa ndipo anapezeka nayo. Mlongo wawo anakana, anati sakufuna kudziwa, ndi ufulu wake. Ana a Mayi T ndi awiri, wamkulu thupi lake ndi lapakatikati, koma wamng'ono, mnyamata, amamaliza mbale yake n'kumayang'ana ya mkulu wake, ndipo ndi wamtali kuposa onse m'kalasi. Anatumizidwa kwa madokotala a ana.

Panopa wodwala aliyense watsopano ndimamufunsa mafunso omwe sindinkafunsa, munayamba kunenepa muli ndi zaka zingati, muli mwana munkakhuta, kunyumba ankabisa chakudya, ndani wina kumtundu kwanu ali chonchi ndipo ngati wina anapangidwa opaleshoni zinamuyendera bwanji patatha zaka zisanu. Zimatenga mphindi zitatu. Yankho likakhala loti asanayambe sukulu ndimapita nalo kwa dokotala tisanasankhe mtundu wa opaleshoni. Mawu oti sakutsatira malangizo ndinasiya kulemba, ndimalemba zomwe munthu akudya ndi zomwe akunena za njala yake.

Kwa odwala athu akuda pali chovuta china. Ma gene omwe anafufuzidwa kwambiri ndi a anthu ochokera ku Ulaya, nde munthu wa makolo a ku Africa akayezedwa kawirikawiri lipoti limabwera loti tapeza kusintha koma tanthauzo lake silinatsimikizike, zomwe sizithandiza kusankha chithandizo, pamenepo mbiri ya umwana ndi ya kumtundu ndi imene timadalira. Komanso alipo anthu amene akukwera ndege kukapangitsa sleeve ku Turkey kapena ku India n'kubwerera ndi kapepala kamodzi opanda wowatsatira. Ngati muli m'gulu limeneli pezani dokotala woti azikuyezani magazi chaka chilichonse, ndipo makilo akayamba kukwera pitani msanga musabisale ndi manyazi zaka zitatu ngati mmene anachitira Mayi T chifukwa cha kalata yanga.

Ulendo wapitawu anabwera okha, Bambo T anali ku ntchito. Anakwera pa sikelo nsapato zili kuphazi, inawerenga 108. Kabuku kaja akadali nako ndipo pa masabata atatu apitawa pali masiku anayi omwe alembapo 2 koloko ya usiku. Makilo sanafike pa 5 yomwe tinagwirizana koma njala yayamba kugogoda, ndiye ndalembera dokotala kuti awaone mwezi uno za jakisoni, ndipo ine ndidzawaonanso pakatha masabata 6.